Voti ya Esnat ndi Mpando wa Anjimile

Anjimile ndi mwana wa a Gracian Mwalwimba a ku Karonga ndi Tiyamike, mwana wanga wachiwiri, wobadwira ku Lizulu m'boma la Ntcheu. Iye naye ali ndi ana awiri, Jesse ndi Vitu, amene anabereka ndi mwamuna wake Bruce, munthu wofatsa wa ku Baltimore, mphunzitsi wa masamu. Wolembane ndine Nankhoma, agogo ake akuchikazi, wa zaka 81. Sukulu ndinalekezera Sitandade 8, koma cholembera sichindithawa m'manja. Ndikulemba kuti Jesse ndi Vitu akadzakula, akadzamva anthu akunena kuti mayi wawo analuza chisankho chifukwa cha nkhani yochititsa manyazi, adzadziwe kuti manyaziwo anali a yani. Chichewa chikadzawavuta adzapeze wowawerengera. Ine m'Chingerezi sindingathe kunena zoona zonse.

A Gracian anabwera ku America kudzaphunzira, atamaliza n'kupeza ntchito pa ofesi ina yaikulu ku Foggy Bottom, mu Washington. Tiyamike anali nesi, wa mashifiti osadziwika mutu wake. Mwana atabadwa anandiitanitsa kuti ndidzawathandize miyezi isanu ndi umodzi. Miyezi imeneyo tsopano yakwana zaka makumi anayi. Dzina anatcha ndi akuchimuna, poti kwawoko amati mwana ndi wa bambo. Ine sindinakangane nawo akamwini anga. Ndinangomutenga mwanayo, n'kumusambitsa, n'kumubereka kumbuyo, ndipo aliyense anadzionera yekha kuti ndi wa yani.

Tinkakhala m'fulati pa Maple Avenue, ku Takoma Park, pansanjika yachisanu. Chaka chimene Anji anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, makina otenthetsera nyumba anafa mu Januwale, masiku anayi athunthu. Woyang'anira nyumbayo ataitanitsa msonkhano pansi, ndinamutenga mwanayo kuti akandimasulire. Ndinaimirira n'kunena mwaulemu kuti tikupempha atiganizire, kukuzizira. Anji anamasulira. Anamasulira, n'kumasulirabe, mpaka bambo uja nkhope inafiira. Mawa lake makina anakonzedwa. Mayi wina wa ku Ethiopia ndi amene anadzandiuza kuti mwanayo ananena kuti agogo ake awerenga makanda onse a m'nyumbamo, alipo khumi ndi mmodzi, ndipo mmodzi akangodwala apita ku nyuzipepala. Nditamufunsa ngati ine ndinanena zimenezo, anandiyankha m'Chingerezi, monga amachitira mpaka lero, kuti, "Simunanene, Agogo, koma ndi zimene mumaganiza." Makandawo anali atawawerenga yekha, khomo ndi khomo.

Esnat anafika m'nyumba imeneyo Anji ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Kwawo ndi ku Chipata, koma anakulira ku Matero, mu Lusaka. Ntchito yake inali, ndipo ikadali, yosamalira okalamba m'makomo mwawo: kuwasambitsa, kuwanyamula, kuwatembenuza pabedi, kenako mabasi awiri kupita kwa wina. Analibe wachibale kuno. Tsiku loyamba kudya kwathu ndinamuuza Anji kuti awa ndi amayi ako aang'ono, ndipo Esnat ndinamuuza kuti kuyambira lero mayi ake ndine, asamadye yekha ngati mlendo. Sindinanene mongokondweretsa. Tiyamike ndi mwamuna wake atasamukira ku Springfield, wondiperekeza kuchipatala anali Esnat. Atandichita opaleshoni ya m'chiuno, anandisambitsa milungu isanu ndi umodzi, akuchokera kosambitsa anthu ena. Tinkanyozana ngati apachibale enieni. Ine ndinkati Chinyanja chake chinagwa pa lole pa malire a Mwami n'kuthyoka miyendo. Iye ankati, "Nanga chanu, amai? Chanu ni cha pa wailesi, cholengezela malilo."

Tsopano pali chinthu china cha ku Takoma Park chimene anthu a kwina sachidziwa, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo. Mumzinda uno, pa chisankho cha meya ndi makhansala, munthu amavota ngakhale asali nzika ya America, bola akukhala mumzindamo. Ndi lamulo la mzinda, ndipo limagwira pa chisankho cha mzinda chokha. Ine ndi Esnat tinavota motero kangapo, tili chabe ndi makhadi athu okhalira m'dziko muno. Anji atamaliza maphunziro a zamalamulo, n'kugwira zaka zingapo ngati loya wa anthu okhala m'nyumba za lendi, anaima pa ukhansala ali ndi zaka 29. Tinamuvotera tonse awiri, mwalamulo, masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo anawina. Chaka chotsatira ine ndinatenga unzika. Mafunso anandiphunzitsa ndi Anji yemweyo, akundikalipira ngati mwana wa Sitandade 1. Esnat ankangoti adzatenga chaka chamawa, akadzapeza mpata.

Atatumikira mzinda kwa zaka zingapo, Anji anaima kuti akhale phungu ku Nyumba ya Malamulo ya chigawo chathu cha Maryland, ku Annapolis. Dera lathu limasankha aphungu atatu, ndipo nkhondo yeniyeni imakhala pa chisankho cha chipulula, cha m'kati mwa chipani, mwezi wa Juni. Wodutsa pamenepo ndiye kuti wadutsa basi. Opikisana analipo asanu ndi awiri. Tsiku lina patebulo, akusenda lalanje, Anji anandiuza kuti ichi si chisankho cha mzinda, ndi cha boma, ovota ndi nzika zokha, ndipo ndiwauze bwino amayi a kutchalitchi. Ndinamva. Sindinganame kuti sindinamve. Koma mumtima ndinati maloya amaopa ndi mthunzi womwe. Takhala tikuvota zaka zonsezi, lero chasintha n'chiyani?

Ndinapita kukavota m'masiku ovota msanga, tsiku lenileni lisanafike, ku Silver Spring, ndipo Esnat anangondiperekeza chifukwa cha chiuno changa. Tili pamzere ndinamva kuti munthu amene dzina lake mulibe m'kaundula akhoza kulembetsa pomwepo n'kuvota. Ndinamukankha Esnat ndi chigongono. Mayi wa patebulo anachita ntchito yake bwinobwino: anamupatsa fomu, n'kumulozera ndi chala funso loyamba, n'kuliwerenga mokweza. Esnat anatembenuka.

"Amai, apa bafunsa ngati nine sitizeni."

"Wakhala kuno zaka zingati? Msonkho sulipira? Tavota limodzi kangati, unamangidwapo?"

"Manje aka kafunso siniinakaonepo."

"Chonga, iwe. Mwana wathu akufuna voti."

Ndinamugwira pamkono. Sindinayendetse cholembera chake ayi, koma ndinamugwira, ndipo sindinamusiye mpaka atachonga. Pansi pa mtima ndinkamva kuti funso lija silinaikidwe pachabe, koma m'mutu mwanga munali anthu asanu ndi awiri pa mipando itatu. Titatuluka tinapempha munthu wodutsa kuti atijambule, aliyense atamata pachifuwa kasitika kosonyeza kuti wavota. Anji anakhala wachitatu, kuposa wachinayi ndi mavoti 412. Voti ya Esnat sinafunike n'komwe.

Zaka zisanu ndi zitatu zimene Anji anakhala ku Annapolis ndikhoza kulemba buku lake palokha. Si mngelo. Amachedwa kulikonse, kuphika sadziwa, ndipo akagwira mfundo ngakhale bambo ake samusuntha. Koma foni amayankha. M'galimoto mwake mumakhala nsapato zafulati ziwiri, chifukwa amayenda khomo ndi khomo ngakhale chaka chopanda chisankho, kufunsa anthu ngati madzi akutuluka. Nkhondo yake yaikulu inali ya anthu osamalira okalamba m'makomo, kuti nthawi imene amathera m'mabasi pakati pa wodwala uyu ndi uyo iziwerengedwa ngati ntchito. Anaimenya zaka zitatu. Tsiku limene anailankhula m'Nyumbamo ine ndinali pamwamba, pamipando ya alendo, nditavala nduwira yanga yabuluu. Anawauza aphungu anzake za mayi ake aang'ono, Esnat, amene mawondo awo amalira ngati chitseko chakale akamakwera basi yachinayi pa tsiku. Anthu anaseka, kenako anatchera khutu. Esnat atamva anati, "Uyu mwana, mawondo yanga wayatenga kuyaika mu gavumenti." Koma anasunga kanyuzipepala kake m'chikwama mpaka kanatha.

Chaka chathachi mpando wa dera lathu ku Kongiresi, Nyumba ya Malamulo ya dziko lonse, unatsala wopanda mwini. Anthu anayamba kumuimbira Anji. Anakayika kwambiri, chifukwa sakanatha kuima pa mipando iwiri nthawi imodzi: akafuna wa ku Washington, wa ku Annapolis ayenera kuusiya, ndipo akaluza atsala wopanda pokhala. Wolimbikitsa kwambiri ndinali ine. Ndinamuuza kuti ku Annapolis ndi ola lathunthu pagalimoto, pamene kuchokera pa Takoma kukafika ku Union Station, pafupi ndi Kongiresi, ndi masiteshoni asanu okha pa sitima ya Metro, azibwera kudzadya nkhomaliro kunyumba. Anaseka, n'kulembetsa. Ine ndinali nditauza kale mbumba yonse ya ku Lizulu pa foni, ndipo ndinagula nsalu ya diresi yodzavala tsiku lomulumbiritsa.

Mu Malichi, tsiku lina masana ndili ndekha, Esnat anagogoda. Panthawiyi ine ndinkakhala kwa Anji ndi Bruce, misewu itatu kuchokera pa Maple Avenue. Analowa kukhitchini koma anakana kukhala pansi. Anatulutsa kalata. Anali atapempha unzika tsopano, patatha zaka zonsezo, ndipo Anji yemwe ndi amene ankamuyesa mafunso nthawi yachisanu. Kofunsidwako anamufunsa ngati anavotapo m'dziko muno. Esnat sanama. Ananena za zisankho za mzinda, n'kunenanso za tsiku lija la ku Silver Spring. Unzika anamukaniza, ndipo kalatayo inali yomuitana kukhoti loona za anthu obwera, pa 4 Juni, kuti akafotokoze chifukwa chimene asamuchotsere m'dziko. Chisankho cha Anji chinali kumapeto kwa Juni yemweyo.

Loya wake, a Kingsley, anali atamuuza kuti sangalonjeze kanthu, koma chinthu chimodzi chikhoza kumuthandiza: munthu amene anamuuza kuti n'zololedwa alembe molumbira kuti ndi iye anamusocheretsa. Esnat anati dzina langa sanalitchule kwa aliyense. Wabwera kudzapempha.

Ndinaona zonse nthawi imodzi, ngati pa kanema. Agogo a wopikisana anatenga munthu wosakhala nzika kukavotera mdzukulu wawo, ndipo munthuyo ndi yemwe uja wa mawondo, amene dera lonse limamudziwa. Ndinamuuza kuti adikire chisankho chidutse. Anandikumbutsa kuti khoti lili patsogolo pa chisankho. Ndinati loya akapemphe tsiku lina. Anati a Kingsley anena kuti kupempha n'kotheka koma kudalira zimenezo ndi kutchova juga ndi moyo wake. Pamenepo ndinanena mawu amene ndikuchita nawo manyazi kuwalemba. Ndinati zaka zisanu ndi zitatu ndi zambiri, ndakalamba, tsiku limenelo sindikulikumbukira bwino.

Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Amai, munanigwila pa mkono."

Anapinda kalata yake, n'kuibwezera m'chikwama. Ali pakhomo anati ndisadandaule, Anji samuuza, chifukwa mwana sanalakwe.

Milungu khumi ndinakhala chete. Ndinkadziuza kuti ndikuteteza mwana wanga, kuti mayi aliyense akanachita chimodzimodzi, kuti Esnat ali ndi loya. M'mawa uliwonse ndinkaima pa siteshoni ya Takoma ndi ndodo yanga, kugawa timapepala ta kampeni, ndipo anthu ankandikonda, ankajambulitsa nane. Basi imene Esnat amakwera imaima pomwepo. Ndinaphunzira nthawi yake, ndipo ikamayandikira ndinkapita mbali ina ya siteshoni. Kutchalitchi anasamuka pampando wathu wa zaka makumi awiri n'kukakhala kumbuyo. Amayi atandifunsa, ndinati akutopa ndi ntchito, akufuna kukhala pafupi ndi khomo. Anji atafunsa kuti mayi ake aang'ono alumbira liti kukhala nzika, Esnat anamuuza kuti mapepala akuchedwa. Tonse awiri tinkamunamiza mwanayo, wina pomukonda, wina pomufunira mpando.

Chinandiulula ndi kunyada kwanga komwe. Kumapeto kwa Meyi, Robin, mayi amene ankayendetsa kampeni, anafuna zithunzi zakale zoti aike mu uthenga wa pa kanema. Ine ndinathamangira kuchipinda kukatenga chitini cha mabisiketi mmene ndimasunga zithunzi, n'kukhuthula patebulo. Robin anatola chimodzi n'kunena kuti ichi ndiye chabwino, amayi awiri ovala zitenje, masitika pachifuwa. Anji anachilandira akumwetulira. Anachitembenuza. Kumbuyo kunali tsiku ndi malo, m'malemba anga abwino aja a kumishoni: Silver Spring, pa chisankho chija cha nzika zokha. Kumwetulira kunatha pang'onopang'ono. Anamupempha Robin kuti akadikire pakhonde.

Ndinamuuza Anji zonse, kuyambira pamzere paja mpaka tsiku limene Esnat anaima m'khitchini momwemo. Sanakuwe. Akanakuwa bwenzi zili bwinoko. Anangofunsa kuti khoti ndi liti, ndipo nditanena anawerenga masiku pa zala. Analipo asanu ndi anayi.

Robin atamva anakhala pansi, n'kupempha madzi. Si munthu woipa. Anati palibe akunena kuti Esnat atayidwe, koma apeze loya wamkulu wopempha kuti mlandu usunthidwe, milungu inayi yokha, chisankho chidutse, kenako anene zonse. Anati kafukufuku akusonyeza kuti Anji ali patsogolo pang'ono, ndipo akalowa ku Kongiresi adzathandiza a Esnat zikwizikwi. Ine ndinagwirizana naye. Ndinachita chinthu chimene sindinachitepo kwa mwana aliyense: ndinagwada, ndi chiuno changa chachitsulochi, pamaso pa munthu amene ndinamusambitsa. Ndinamupempha kuti asataye ntchito ya zaka zonsezi chifukwa cha uchitsiru wa nkhalamba. Anandidzutsa mosamala, monga Esnat anamuphunzitsira kudzutsa odwala, n'kundikhazika pampando. Kenako anamuuza Robin kuti wayenda makomo zikwi zambiri akugulitsa nkhani ya mawondo a mayi ake aang'ono, ndipo sangawasiye akaime okha pamaso pa woweruza ndi mawondo omwewo kuti iye apeze mpando.

Madzulo omwewo anapita kwa Esnat pa Maple Avenue. Ndinamva kuti Esnat anamukalipira kwambiri, anamutcha wopusa, anati abwerere kukampeni. Anji anakhala pansi pakapeti n'kunena kuti sachoka mpaka amupatse nambala ya a Kingsley.

Mawa lake anandipezera loya wangawanga, a Mulenga, amene anandiuza mosabisa kuti chimene ndikulemba chikhoza kundibweretsera mlandu ineyo. Ndinalemba zonse, ndi za lalanje zomwe, kuti anandichenjeza ndipo ndinamva. Ndinasaina. Musadzaganize kuti agogo anu aakulu anali olimba mtima. Ndinasaina chifukwa Anji anali atakhala pambali panga, manja ali pamiyendo, akuyang'ana khoma.

Pobwerera, titafika pakhomo, anazimitsa galimoto koma sanatsike. Ndipo analankhula m'Chichewa. Mwana ameneyu Chichewa amamva chonse, koma kuchilankhula kumamuvuta ngati kutafuna chimanga chouma, ndiye sachiyesa n'komwe. Tsiku limenelo anachiyesa, liwu limodzilimodzi.

"Agogo, munandiuza kuti a Esnat ndi mwana wanu. Analeka liti?"

Anadikira yankho langa, kenako anati m'Chingerezi palibe changu, adikira. Anatsika n'kudzanditsegulira chitseko.

Patapita masiku awiri anaitana atolankhani kutsogolo kwa nyumba ija ya pa Maple Avenue, pamene anawerengera makanda. Ananena yekha, wina asananene. Anati voti imodzi pa chisankho chake choyamba cha uphungu inaponyedwa ndi munthu amene sanayenere kuvota, kuti munthuyo anasocheretsedwa ndi agogo ake, kuti iye wadziwa sabata yomweyo, ndipo wadziwitsa kale oyendetsa zisankho. Mtolankhani wina atafunsa ngati agogowo achoka m'kampeni, anati m'kampeni achoka, koma m'nyumba mwake sachoka, chifukwa analakwa ndipo ndi agogo ake, zonse ziwiri ndi zoona.

Sabata isanathe, timapepala ta otsutsana naye tinayamba kufika m'makomo, tili ndi chithunzi changa cha pa siteshoni, nditakweza ndodo, pansi pake atalemba funso lakuti ndi mavoti angati ena. Tinkafika ndi m'bokosi lathu la makalata lomwe. Bruce ankatitola msanga n'kutibisa pansi pa zinyalala, koma ine ndi amene ndimatulutsa zinyalala Lachitatu. Amayi ena a kutchalitchi anasiya kuvala masikipa a kampeni. Ena anawavala kwambiri kuposa kale, ndipo amayi osamalira okalamba anabwera ambiri, a ku Ghana, a ku Cameroon, a ku El Salvador, kudzagogoda makomo pa tsiku lawo lopuma. Anji anayenda mpaka tsiku lomaliza, ndipo khomo lililonse funso loyamba linali la ine.

Anakhala wachiwiri. Anatsala ndi mavoti pafupifupi 1,300. Bruce anayesa kundisonyeza pa pepala kuti mwina akanaluzabe, kuti madera akumpoto sanali ake chiyambire. Ndinamuuza kuti masamu akewo akaphunzitse ana a sukulu.

Za Esnat zili chonchi. Pa 4 Juni Anji anakhala kumbuyo kwake m'khoti, ndipo ine ndinakhala panja pa benchi, kudikira ngati andiitana. Woweruza anawerenga chikalata changa n'kusunthira mlanduwo chaka chino, kuti adzamve zambiri. Ndiye Esnat akadali kuno, akukwerabe mabasi ake, koma sakudziwa ngati Khirisimasi ikubwerayi idzamupeza pa Maple Avenue kapena ku Matero, kumene anachoka zaka makumi atatu zapitazo. Ine mpaka pano palibe wabwera kudzandifunsa. Wochimwa akugona pabedi labwino.

Mu Julayi ndinapita kwa Esnat ndi nkhuku, monga timachitira kwathu munthu akalakwira mnzake. Yamoyo kuno siipezeka, ndinagula yokupha kale ku Langley Park. Anaiyang'ana n'kunena kuti kwawo kupepesa ndi nkhuku ya mufiriji ndiye kuti kupepesako nakonso n'kozizira. Koma anailandira, ndipo anandipatsa tiyi. Ndinamuuza kuti ndinalakwa kawiri, ndipo kachiwiriko ndi kumene kunali koipitsitsa. Anavomera kuti inde. Kutchalitchi wabwerera pamzere wathu, koma pakati pathu amaika chikwama chake. Amandiitana kuti a Nankhoma. Liwu lija lakuti amai sindinalimvenso, ndipo sindingalipemphe.

Mwezi uno wa Januwale Anji wakachotsa katundu wake mu ofesi ya ku Annapolis. Mabokosi asanu ali m'galaja. Wabwerera ku ntchito yake yakale, yoimira anthu a lendi, ndipo mlungu wathawu anali m'nyumba ina ku Langley Park kumene makina otenthetsera afa. Anthu akumufunsa ngati adzaimanso, iye amangoti aona. Diresi ndinaisoka ndithu, ili m'kabati. Ndikamuona akutuluka m'mawa ndi nsapato zake zafulati, wochedwa monga mwa nthawi zonse, mtima umandikula kuposa tsiku lija la nduwira yabuluu. Munthu ameneyu ndinamulera ine. Zimene ndinamuphunzitsa anazigwira, pamene mwiniwakene ndinazitaya.

Sanandidzudzulepo ngakhale kamodzi. Mankhwala anga amandiikira m'kabokosi Lamlungu lililonse, amandiseka ndikagona pa kanema. Mpando umene ndinamutayitsa sindingamubwezere, ndipo sanaupemphe. Chimene anapempha ndi yankho la funso limodzi. Yankholo ndikulidziwa. Esnat sanaleke kukhala mwana wanga mu Malichi m'khitchini muja ayi. Analeka kale, pamzere wa ku Silver Spring, pamene ndinayang'ana dzanja limene linandisambitsa n'kuona voti. Pa pepala pano ndalemba mosavuta. Koma Anji sanandilembere kalata. Anandifunsa ndi pakamwa, m'chinenero changa, akuvutika nacho, ndipo ayenera kuyankhidwa ndi pakamwa, ndikumuyang'ana kumaso.

Lamlungu lililonse tikabwera kutchalitchi, Bruce ndi ana amatsika n'kulowa m'nyumba. Anji amazimitsa galimoto, n'kukhala kaye pang'ono, manja ali pachiwongolero. Lamlungu lapitali ndinakonzeka kuyambira pa nyimbo yoyamba, mawu ndinawayala bwinobwino. Injini itazima ndinati, "Anji." Anatembenuka. Ndinamufunsa ngati wakumbukira kugula mkaka.